Kodi kusiya foni yamakono n'kutsalira?

M'minda ya tiyi ku Thyolo, monga wa Satemwa womwe udayamba mu 1923, tiyi amamudulira pakapita zaka zingapo. Akamulekerera amasanduka mtengo wautali, othyola osafikiranso masamba ake.

Moyo wa Mkhristu umafunanso kudulira kotere. Foni yamakono payokha si tchimo. Koma bandulo ikayamba kudya ndalama ya ufa, WhatsApp ikalanda nthawi ya korona ndi macheza a m'banja, kubwerera ku kafoni kamabatani si manyazi. Kamaimbabe, kamatumizabe ndalama kumudzi pa Mpamba.

Anzake amuseka ndithu. Komatu pa Yohane 15, nthambi imene Atate amaidulira ndi yobereka kale, kuti ibereke koposa. Kholo lililonse lidzifunse sabata ino: kodi ana amaona nkhope yake, kapena liwombo lokha?