Dzina Logula ndi Chikumbumtima cha Mwini Chuma

Pa Chezi, m'boma la Dowa, pamene msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima umakhotakhota pakati pa mapiri, galimoto zambiri zimaima. Amayi amathamangira apaulendo ndi tomato, anyezi ndi kachewere, ndipo anyamata amakazinga tchipisi pa chiwaya, utsi wa nkhuni uli tolotolo. Munthu amene wasunga ndalama zake, kaya wabwera nazo kuchokera ku Joni, kaya walandira za penshoni, akaima pamenepo naona khamu la apaulendo anjala, mtima wake umayamba kuwerengera. Amakumbuka nyumba zodyeramo za m'tauni zimene zimagulitsa nkhuku yokazinga mwamsanga, nadzifunsa kuti mwa maina otchuka aja, ndi liti limene angaikemo chuma chake.

Malonda a mtundu umenewu Azungu amawatcha franchise, ndipo tanthauzo lake ndi kugula chilolezo chogwiritsa ntchito dzina la mwini wake. M'chaka cha 1952 Harland Sanders, amene anayambitsa KFC, analola Pete Harman wa ku Salt Lake City kugulitsa nkhuku yophikidwa monga iye anaphunzitsira. M'chaka cha 1955 Ray Kroc anatsegula nyumba yake yoyamba ya McDonald's, nafalitsa dzinalo mwa njira yomweyo. Maina monga KFC, Steers ndi Debonairs Pizza anafika kale m'mizinda ya dziko lino. Wogula dzina amalipira ndalama yolowera, amamanga nyumba monga mwini dzina wafunira, ndipo mwezi ndi mwezi amapereka gawo la ndalama zonse zimene wagulitsa, kaya wapindula kaya waluza. Zophikira zambiri amagula kwa okhawo amene mwini dzina wawavomereza, ndipo panganolo limamanga munthu zaka zingapo.

Tsono funso nali: kodi kusankha dzina limodzi pakati pa maina ambiri ndi nkhani ya masamu okha, kapena chikumbumtima chilinso ndi mawu pamenepo? Ambiri amati ndalama ilibe chipembedzo, ndipo wochenjera amangotsata kumene kuli phindu lalikulu. Eklezia amaphunzitsa zosiyana. M'kalata yake yotchedwa Centesimus Annus, ya m'chaka cha 1991, Papa Yohane Paulo II anaphunzitsa kuti munthu akamasankha malo kapena ntchito yoikamo chuma chake, amasankhanso pakati pa chabwino ndi choipa. Chifukwa chake n'chomveka: mwini chuma saima pa moto, komabe ndi iye amene amalamula amene adzaimepo, malipiro ake, ndi kumene kachewere adzagulidwa.

Pasakhale woganiza kuti phindu ndi tchimo. M'fanizo la Ambuye la antchito atatu amene anasungitsidwa ndalama, amene anadzudzulidwa ndi uja anakwirira yake pansi chifukwa cha mantha. Kalata yomwe ija ya Papa imavomereza kuti phindu ndi chizindikiro chakuti malonda akuyenda bwino, koma imakana kuti phindu likhale muyeso wokhawo. Mkhristu amene akufuna kutsegula malonda, kulemba anthu ntchito ndi kudyetsa banja lake akufuna chinthu chabwino. Chotsala ndi kuona anthu amene phindulo lidzadutsa m'manja mwawo lisanafike m'thumba lake.

Woyamba ndi wantchito. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya m'chaka cha 1891, anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga munthu wodziletsa, ndi kuti wantchito akavomera malipiro ochepa chifukwa cha njala, kuvomera kwakeko sikuchotsa kupanda chilungamo. Maepiskopi a dziko lino anakumbutsanso za malipiro ndi za phompho la pakati pa olemera ndi osauka m'kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti ya m'chaka cha 1992. Pa malonda a dzina logula mfundo imeneyi imaluma kwambiri. Gawo la mwini dzina silingachepetsedwe, mtengo wa zophikira wogula dzina sangausinthe, ndipo zambiri zochokera kunja zimakwera kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zinthu zikathina, malo amodzi ofewa amene mwini malonda angafinye ndi malipiro a mtsikana wa pa kauntala ndi maola a mnyamata wa kukhitchini. Motero ngati masamu a dzina lina akuonetsa phindu pokhapokha antchito atamanidwa, dzina limenelo Mkhristu ayenera kulikana asanasaine.

Wachiwiri ndi mlimi. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi amabala kachewere, tomato, kabichi ndi soya, ndipo m'midzi muli nkhuku ndi mbuzi. Chiwaya cha pa Chezi, ngakhale chili chakuda ndi mwaye, ndalama yake imagona m'mudzi: imapita kwa mlimi, kwa wodula nkhuni ndi kwa mayi wotunga madzi. Nyumba ya dzina logula ingathe kuima pakati pa minda ya kachewere koma n'kumakazinga tchipisi chobwera m'mapaketi kuchokera kutali, ngati pangano litero. Komabe si maina onse amene amachita chimodzimodzi. Nando's, imene inayamba ku Johannesburg m'chaka cha 1987, yakhala ikugula tsabola kwa alimi ang'onoang'ono a ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Ichi chikusonyeza kuti funso lakuti mlimi wapafupi adzagulitsako chiyani ndi loyenera kufunsidwa, ndipo mayankho ake amasiyana. Safunsa anadya phula.

Wachitatu ndi wakudya. Chakudya chokazinga ndi mafuta ambiri, mchere wambiri ndi zakumwa za shuga chimakoma pakamwa, koma chikadyedwa tsiku ndi tsiku chimathandiza kubweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kugulitsa chakudya chotere kwa wapaulendo si tchimo, monganso phwando si tchimo. Tchimo limayamba pamene wogulitsa akopa ana a sukulu kuti azinyoza nsima ya mayi awo, kapena pamene abisa nyama yogona ndi zokometsera.

Apa wina angatsutse, ndipo kutsutsa kwake kuli ndi mphamvu. Angati: kodi chiwaya n'choyera mtima chifukwa chakuti n'chakwathu? Mnyamata wa pa chiwaya nthawi zambiri alibe kalata ya ntchito, alibe tsiku lopuma, ndipo akapsa ndi mafuta amadzilipirira yekha kuchipatala. Mafuta amakazingidwa mpaka kuda, ndipo nkhuni zimapulula mapiri. Nyumba ya dzina lotchuka imaphunzitsa antchito ukhondo, imalemba malipiro m'buku, ndipo imaopa kuipitsa mbiri ya dzinalo. Zonsezi zingakhale zoona, ndipo zikutsimikiza kuti chikumbumtima sichingagamule mlanduwu poyang'ana kumene dzina linachokera. Dzina lakunja lingakhale lachilungamo, ndipo malonda akwathu angakhale ankhanza. Choyesera ndi chimodzi kwa onse: munthu amene ali pansi pa malondawo akukhala bwanji?

Nanga maina awiri akakhala kuti onse amalipira antchito moyenera, koma lina limapindulitsa kwambiri pogula zinthu kunja, ndipo lina limapindulitsa pang'ono pogula kwa alimi a Mvera ndi Chezi, Mkhristu achite chiyani? Pano aphunzitsi a Eklezia amasiyanitsa chilungamo ndi chikondi. Chilungamo chimalamula: kumana wantchito, kunyenga wogula ndi kuzemba msonkho n'zoletsedwa, ndipo wochita izi ayenera kubweza. Chikondi chimapitirira pamenepo, ndipo muyeso wake umatsata mphamvu za munthu. Wosankha dzina loyamba sanabe kanthu, makamaka ngati ali ndi ana ambiri a sukulu ndi ngongole. Koma amene angathe kupirira phindu locheperapo popanda kuika banja lake pangozi, nasankhabe kudutsa alimi a kwawo, adziwe kuti wasiya chabwino chimene chinali m'manja mwake, ndipo Ambuye amafunsanso za zabwino zosachitidwa.

Palinso nzeru ya kuchenjera, imene ili pakati pa makhalidwe anayi aakulu a munthu wolungama. Ambuye anachenjeza za womanga nsanja osayamba wawerengera mtengo wake. Eni maina aakulu amafuna mizinda yodzaza ndi anthu a malipiro a pamwezi ndi magetsi odalirika, pamene wapaulendo wa m'minibasi pa Chezi amafuna chakudya cha ndalama yochepa. Munthu amene agulitsa munda wa makolo, kapena atenga ndalama ya katapira, kuti agule chikwangwani chowala, akuika pachiswe chuma chimene sichake yekha. Mkazi wake ndi ana ake ali ndi ufulu womva panganolo lisanasainidwe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Awerengenso bwino ngati panganolo lidzamlola kupatsa antchito ake mpata wa Misa tsiku la Mulungu, pakuti munthu akasaina ufulu wake wochita chabwino, sangadzadziwiringule kuti pepala ndilo lalamula.

Mwina atawerengera zonsezi, munthu uja adzapeza kuti dzina loyenera kuikamo chuma chake pa Chezi ndi lake lomwe: nyumba yaukhondo, mafuta atsopano, kachewere wa m'mapiri omwewo ndi anyamata a chiwaya olembedwa ntchito ya malipiro. Mwina adzagula dzina lakunja ku Lilongwe, nalisunga mwachilungamo. Njira zonse ziwiri n'zotseguka kwa Mkhristu. Akatekisi akafikiridwa ndi munthu wotere, asamuopseze ngati kuti chuma n'chonyansa, ndiponso asamuyamikire msanga chifukwa cha chopereka chimene angadzapereke ku tchalitchi. Amufunse za wantchito, za mlimi, za wakudya ndi za banja lake, ndipo amulangize kuti asasaine kanthu mpaka atayankha mafunso anayiwo pamaso pa Mulungu.