Ali ndi Tyson Akanakumana: Kodi Yankho Lake Lilipo Kwinakwake?

Pa Nsipe, monga m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, mkangano wa Muhammad Ali ndi Mike Tyson sukalamba. Umabuka pometetsa, pa bawo, ngakhale pochokera ku Misa. Amvulazakale amati Ali akanamuvinitsa mnyamatayo mpaka miyendo kulefuka. Amene anakulira m'ma video show amayankha mwaulemu koma mosagonja: “Madala, chibakera cha Tyson si chamasewera, raundi yachitatu sikanafika.” Awiriwa sanamenyanepo. Ali anasiya nkhonya mu Disembala 1981, pomwe Tyson anayamba nkhonya zolipidwa mu Malichi 1985.

A mbali ya Tyson ali ndi masamu awo. Trevor Berbick anagonjetsa Ali ku Nassau mu 1981, koma Tyson, ali ndi zaka 20 zokha, anamuphwasula Berbick yemweyo m'raundi yachiwiri mu Novembala 1986 n'kutenga lamba wa WBC. Larry Holmes anamenya Ali mu 1980, koma Tyson anamugwetsa Holmes m'raundi yachinayi mu Januwale 1988. Chimene satchula n'chakuti Ali wa ku Nassau anali ndi zaka 39, ndipo Holmes wa 1988 anali ndi zaka 38. Komanso masamu oterewa nkhonya zimawakana. Joe Frazier anagonjetsa Ali mu 1971. George Foreman anamugwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri ku Kingston mu 1973. Potsata masamu, Ali amayenera kukathera m'manja mwa Foreman ku Kinshasa pa 30 Okutobala 1974. Amene anagona pansi m'raundi yachisanu ndi chitatu anali Foreman.

Ku America anayesapo kupereka mlanduwu kwa kompyuta. Mu 1969 mkulu wina wa pa wailesi, Murry Woroner, anajambula Ali ndi Rocky Marciano akuyerekeza kumenyana, ziwerengero zawo n'kuzilowetsa m'makina a NCR 315. Marciano, amene anapuma nkhonya atapambana maulendo 49 osagonjapo, anafa pa ngozi ya ndege mu Ogasiti chaka chomwecho asanaone zotsatira. Kanemayo atatuluka mu Januwale 1970, oonera ku America anaona Marciano akupambana m'raundi ya 13. Ku Ulaya kunaonetsedwanso mathero ena, Ali ndiye wopambana.

Funso lenileni lili pansi pa zonsezi, ndipo si la nkhonya. Kodi chinthu chimene sichinachitike, ndipo sichidzachitika, chingakhale ndi yankho loona? Ngati lilipo, likusungidwa kuti, nanga akulidziwa ndani? Mkhristu wa pa parishi ya Nsipe, ya mu dayosizi ya Dedza, angayankhe msanga kuti Mulungu akudziwa. Mwina sadziwa kuti yankho lofulumira limeneli linatsala pang'ono kung'amba Mpingo wake pakati.

Mu 1588 wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Luis de Molina wa ku Spain, anatulutsa buku lotchedwa Concordia. Anaphunzitsa kuti kupatula zonse zotheka ndi zonse zimene zidzachitikedi, Mulungu amadziwanso chimene munthu aliyense akanasankha mwaufulu wake akanaikidwa pamalo ena alionse. Umboni ankautenga m'Malembo. Pa 1 Samueli 23, Davide ali mu mzinda wa Keila ndipo wamva kuti Sauli akumusaka. Kudzera mwa wansembe Abiatara, akufunsa ngati anthu a mumzindamo adzamupereke. Yankho likubwera loti adzamupereka. Davide akuthawa, Sauli akuleka ulendo wake, ndipo palibe amene akupereka mnzake. Mulungu ananena zoona za chinthu chimene sichinachitike konse. Pa Mateyu 11 Yesu akunenanso motsimikiza kuti Tiro ndi Sidoni akanalapa akanaona zozizwitsa zimene Korazini ndi Betsaida anaona. Mwa nzeru za Molina, ndiye kuti nkhonya ya Ali wa 1966 ndi Tyson wa 1988 ili ndi wopambana wake, raundi yake, ngakhale dzanja limene likanamaliza ntchito.

Ansembe a chipani cha Adominikani, motsogozedwa ndi Domingo Báñez, anakana kwamtuwagalu. Iwo ankati Mulungu amadziwa zochita za munthu chifukwa ndi Iye amene amasuntha mtima wa munthuyo, ndipo Molina wamusandutsa woonerera, wodikira kuti cholengedwa chimuuze chochita. Ajezwiti anabweza kuti ngati zili choncho ufulu wa munthu watha, ndipo kuweruza wochimwa kulibe chilungamo. Mlandu unapita ku Rome, akatswiri anakangana zaka pafupifupi khumi, ndipo mu 1607 Papa Paulo V anauthetsa popanda wopambana. Anangolamula kuti mbali ziwirizi zileke kutchulana ampatuko.

Amene waonera bwino nkhonya ya ku Kinshasa amaona pamene pali mfundo yovuta kwa Molina. Ali analowa m'bwalo dziko lonse likudziwa kuti avina, ndipo iye mwini ankalengeza zomwezo. Raundi yoyamba itatha anaona kuti Foreman akumutsekera njira ndipo kuvina kumutopetsa iye msanga kuposa mdani wake. Anatsamira zingwe, n'kumalandira zibakera m'mikono ndi m'nthiti, mphunzitsi wake Angelo Dundee akukuwa kuti achokepo. Chisankho chimenechi chinabadwira m'bwalo momwemo. Chikanakhala cholembedwa kale mu msinkhu, kulemera ndi liwiro la Ali, kompyuta ya Woroner ikanachipeza. Ngati chinali chaufulu ndithu, n'chiyani chikanachipanga kukhala choona Aliyo asanachichite? Molina ankayankha kuti kudziwa si kukakamiza. N'zomveka, koma sizikunena chimene kudziwako kwatsamirapo pamene munthuyo sanasankhe, ndipo sadzasankha.

Palinso vuto la nthawi imene wankhonya anali pachimake. Ya Ali palibe anaiona. Anamulanda lamba mu 1967 atakana kulowa usilikali pa nkhondo ya ku Vietnam chifukwa cha chikhulupiriro chake cha Chisilamu, ndipo kuyambira Malichi 1967 mpaka Okutobala 1970, zaka zake za 25 mpaka 28, sanamenye nkhonya. Ali amene akanavomera usilikali kuti asunge lamba akanakhala munthu wina, osati amene amadala amamukonda. Tyson naye sanali mwala wosasintha. Womulera, Cus D'Amato, anamwalira mu 1985. Tyson atakomola Michael Spinks m'masekondi 91 mu Juni 1988 anachotsa mphunzitsi wake Kevin Rooney. Ku Tokyo mu Febuluwale 1990 anakumana ndi Buster Douglas, munthu amene obetcha anamupeputsa pa 42 kwa 1, amenenso mayi ake anali atangomwalira masabata atatu m'mbuyomo. Douglas anagwa m'raundi yachisanu ndi chitatu, anadzuka, n'kumugwetsa Tyson m'raundi yakhumi. Chisoni cha mwana wamasiye sichinali pa sikelo ya wina aliyense.

Kuno kwathu mkangano wofanana nawo ungakhale wa Lottie “Gunduzani” Mwale wa ku Zambia, amene anagonja kwa Matthew Saad Muhammad polimbirana lamba wa dziko lonse mu 1980, ndi Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene anapirira maraundi 12 ndi Sergey Kovalev mu 2016 komanso ndi Dmitry Bivol mu 2018. Onse ndi a light heavyweight. Mwale anamwalira mu 2005, chaka chimene Chilemba ankangoyamba.

Pa nkhonya, kutsimikiza zosadziwika sikupweteka munthu. Kumapweteka pa siwa. Kumenekonso anthu amalankhula molimba mtima ngati a pa bawo: akanathamangira naye ku chipatala cha boma ku Ntcheu Lachiwiri bwenzi ali moyo, akanapanda kukangana ndi amalume ake za munda bwenzi asanadwale. Mawu oyambawo amasenzetsa mayi katundu wa moyo wake wonse. Achiwiriwo amaloza chala, ndipo nthawi zambiri chimakagwera nkhalamba. Davide anafunsa za Keila zinthu zisanachitike, kuti adziwe kolowera, ndipo anali ndi wansembe womufunsira kwa Mulungu pambali pake. Olankhula pa siwa alibe zonsezi, koma amagamula mlandu umene Papa anaulephera. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi muno, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe mabwalo a mafumu ndi apolisi sasowa nkhani za agogo othamangitsidwa m'midzi maliro atangoikidwa.