Tsitsi Likamachitira Umboni Zaka za Mwini Wake

Chichewa chimasiyanitsa kukula ndi kukalamba. Kukula n'kuonjezera zaka, pomwe kukalamba n'kutha kwa thupi, ndipo ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse: wina amamera imvi asanakwanitse zaka 30. Kusiyana kumeneku kwafika tsopano m'manja mwa apolisi ndi oweruza.

Mu 2013 Steve Horvath wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles anasonyeza kuti timagulu ta mankhwala totchedwa methyl timamatirira kapena kuchoka pa DNA mwadongosolo munthu akamakula. Poyeza malo 353 okha, ankatha kuyerekeza zaka za munthu, ndipo pa theka la oyesedwa sankaphonya ndi zaka zoposa 3.6. Ofufuza milandu anatembenukira ku tsitsi chifukwa limatsala paliponse ndipo siliwola msanga ngati mnofu. Likazuka ndi muzu limanyamula maselo okhala ndi DNA, koma lodulidwa limakhala ndi yochepa, yophwanyikaphwanyika. Mu 2019 dziko la Germany linalola apolisi kuyerekeza zaka za munthu wosadziwika kuchokera ku DNA yopezeka pamalo a mlandu.

Pamenepo chikumbumtima sichivutika kwambiri. Mtembo wopanda dzina ukadziwika kuti ndi wa munthu wa zaka zapakati pa 40 ndi 50, abale ofunafuna wawo amathandizika, ndipo kuphonya ndi zaka zinayi sikumangitsa aliyense.

Nkhani imalemera pamene woyesedwayo ali moyo, akunena yekha zaka zake, koma osakhulupiriridwa. Mu 2018 magazini ya Nature inalemba kuti akuluakulu a ku Hildesheim, ku Germany komweko, anagwiritsa ntchito njirayi pa magazi a wothawakwawo amene ankati sanafike zaka 18. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 linaika malire a ubwana pa zaka 18, ndipo malirewo amadutsidwa tsiku limodzi. Tsidya lino kuli sukulu ndi chitetezo. Tsidya linalo kukhoza kukhala ndende ya akuluakulu kapena kubwezedwa. Kodi muyeso wophonya ndi zaka zitatu ungaweruze bwanji nkhani ya tsiku limodzi?

Choipa kwambiri n'chakuti methyl sawerenga kalendala, amalemba zimene thupi ladutsamo. Fodya ndi matenda ena zimasintha zizindikirozi, ndipo kafukufuku wina wasonyeza kuti nkhanza za paubwana zimafulumizitsa ukalamba wa maselo. Motero mwana amene wazunzika kwambiri ndiye angaoneke wamkulu, masautso ake n'kusanduka umboni womutsutsa. Amene amafunikira kuyesedwa chonchi, kunena zoona, ndi yemwe uja anabadwira kumene kulibe kaundula kapena anataya chiphaso pothawa nkhondo. Komanso miyeso yambiri inakonzedwa poyesa anthu akuluakulu, ochuluka a iwo azungu, osati achinyamata ochokera ku Afghanistan kapena Eritrea amene amaima pa zipata za ku Ulaya.