Ndani Anakuika mu Bokosi Ilo?

Ngati unalembetsapo imelo yako kuti uzilandila nkhani za nchito, za maphunzilo olo za ku chalichi, dziwa kuti uli mu bokosi lina lake, ngakhale sunalionepo. Mapulogilamu otumila kalata imodzi kwa anthu ambili, monga Mailchimp, amalimbikitsa wotuma kugawa maina m'magulu: awa ni ana a sukulu, awa ni makolo, awa amawelenga, awa analeka. Poyang'ana cabe, nchitoyi ili monga kusanja tomato pa Soweto Market, wamkulu apa, wamng'ono apo. Koma tomato sataya kanthu akaikidwa pa mulu wochipa. Munthu amataya, cifukwa bokosi limene alimo ndiye ligamula uthenga umene udzamufika na umene udzamupitilila. Kodi n'cilungamo kumuika m'menemo osamufunsa?

Funsoli nimalifunsa monga munthu wogwila mabokosi. Ndine mphunzitsi, ndipo ine na anzanga awili timatumila ana amene anatsiliza sukulu kwathu kalata mwezi uliwonse. Timaikamo nkhani za mabasale a CDF, za nkhongole ya maphunzilo ya HELSB, malo a nchito, na ndakatulo za anzawo.

Coyamba nivomele kuti kugawa kuli na ubwino wake. Mtsikana amene ali caka cacitatu pa UNZA safunika kalata yokamba za kulembanso mayeso a GCE. Mnyamata wa ku Matero amene afuna kosi ya zowochelela safunika masamba atatu okamba za masters. Kutumila aliyense ciliconse ni ulesi wovala zovala za cilungamo. Anthu amalema, amaleka kuwelenga, ndipo tsiku limene watuma cinthu cofunika palibe amene amaciona. Kudziwa cimene mnzako afuna ni ulemu. Ndiye vuto siili pa kugawa kweni-kweniko. Ili pa amene wagwila colembela.

Mu Mailchimp muli njila zitatu zogawila anthu, ndipo iliyonse ili na mtima wake. Yoyamba ni groups: wolembetsa amaconga yekha pa fomu kuti afuna nkhani za nchito olo za maphunzilo. Yaciwili ni tags: mwini mndandanda amamata liwu pa dzina la munthu, ndipo mwini dzina saliona. Yacitatu ni segments: umauza makina lamulo, monga lakuti anisefele onse amene sanatsegule makalata asanu apitawa, ndipo makinawo amasefa. Njila yoyamba ni kufunsa munthu dzina lake. Yaciwili ni kumupatsa dzina lam'mbali, lija ana a sukulu amapatsa mphunzitsi akatembenukila ku bolodi. Yacitatu ni kuweluza mlandu mwini wake kulibe.

Liwu la mlandu sin'nalisankhe mwangozi. Liwu la Cingelezi la category linacokela ku Cigiriki, kategoria, ndipo ku Athens wakale linali kutanthauza mlandu umene munthu aimbidwa pamaso pa anthu. Aristotle ndiye analitenga n'kuliseweletsa nchito pa mitundu 10 ya zimene tingakambe za cinthu, monga ukulu wake, malo ake na nthawi yake. Ife tinaiwala ciyambi cimeneci, koma liwulo likali na fungo la khoti. Ukati uyu ni wa gulu lakuti, wamunenela kanthu.

Tiyeni tione gulu limene alangizi a zamalonda amakonda kwambili, la anthu osawelenga. Kodi makina amadziwa bwanji kuti watsegula kalata? Mu kalata iliyonse amabisamo kacithunzi kang'ono kosaoneka na maso. Foni yako ikakatenga pa intaneti, makina amalemba kuti watsegula. Ngati unazimitsa zithunzi kuti bandulo isathe msanga, ungawelenge kalata yonse mpaka pothela, koma makina adzalemba kuti sunaikhudze. Kumbali ina, kucokela mu 2021 Apple inaika mu pulogilamu yake ya Mail njila yotetezela cinsinsi imene imatenga zithunzizo payokha, olo mwini foni sanawelenge liwu na limodzi. Conco wa iPhone amaoneka wokhulupilika, pamene wa ku Kanyama wosunga bandulo amaoneka wakufa. Onjezamponi caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi mu Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambili tsiku lililonse. Uja amene anasungila batile foni ya amayi ake odwala, osati imelo, anagwela mu bokosi la osasamala.

Bokosi limeneli lili na zotulukapo zake. Mapulogilamuwa amalipilitsa molingana na ciwelengelo ca maina, conco uphungu umene umamveka paliponse ni wakuti ucotse osawelenga kuti usunge ndalama. Kwa wogulitsa nsapato, kucotsa dzina ni kutaya kasitomala mmodzi. Koma kwa ife otuma nkhani za mabasale, ni kutsekela khomo munthu amene anali kulifuna kupambana onse. Makina anapima bandulo, ife n'kuyesa kuti apima mtima.

Wina angati, aphunzitsi mukukuza nkhani, iyi ni imelo cabe. Yankho langa nilitenga ku kalasi. Mu 1968, Robert Rosenthal na Lenore Jacobson anafalitsa kafukufuku amene anacita pa sukulu ina ya pulaimale ku California. Anauza aphunzitsi kuti ana ena ali pafupi kupita patsogolo kwambili, pamene anawo anawasankha mwacisawawa. Pakutha kwa caka, maka-maka m'makalasi a ana aang'ono, osankhidwawo anakweladi kuposa anzawo. Akatswili akali kutsutsana pa ukulu wa zotulukapozo, koma aliyense amene anakhalapo mu kalasi ya C adziwa mmene dzina limalemelela. Na pa mndandanda wa imelo ni cimodzi-modzi. Ukaika munthu mu gulu la osawelenga n'kuleka kumutumila, sadzawelenganso, ndipo makina adzakuuza kuti unanena zoona. Bokosi limadzipangila lokha umboni.

Tags ndiye zoopsa kwambili, cifukwa palibe amene amakuona uzilemba. Ungaone dzina la Phiri, Mulenga olo Hamoonga n'kumata mtundu. Ungaone adilesi ya Chibolya n'kumata liwu lakuti sangalipile. Ungamve kuti mtsikana anasiya sukulu cifukwa ca mimba n'kulemba zimenezo pambali pa dzina lake, mwakuti aliyense wolowa mu akaunti azione. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limaika nkhani monga za mtundu, cipembedzo na thanzi pa zinthu zofunika cisamalo capadela. Koma lamulo silingaime kumbuyo kwa aliyense wokhala pa laputopu usiku. Pamenepo patsala cikumbumtima cabe.

Ine nimayesa bokosi lililonse na mafunso atatu. Loyamba: kodi liwu limene nalemba pa dzina la munthuyu ningamuwelengele pamaso pake osacita manyazi? Lakuti afuna nkhani za unamwino ningamuwelengele. Lakuti ni waulesi siningathe, ndiye siliyenela kulembedwa. Laciwili: kodi mwini wake angacokemo? Pansi pa kalata pazikhala potinika kuti munthu asinthe yekha magulu ake, cifukwa amene anali kufuna nchito caka catha mwina lomba ndiye alemba ena nchito. Lacitatu: kodi pali nkhani zimene ziyenela kudumpha mabokosi onse? Kwa ife, uthenga wa basale na wa tsiku lothela kupeleka mafomu umapita kwa aliyense, wotsegula na wosatsegula. Ndakatulo zingasankhe owelenga, koma mwayi suyenela kusefedwa.

Njila imeneyi imadya ndalama pang'ono, ndipo ciwelengelo ca otsegula cimaoneka cotsika. Nivomela mtengowo, cifukwa ciwelengelo cokongola cogulidwa mwa kutaya osauka n'cabodza.

Ambili a inu mudzagwila mindandanda posacedwa, kaya ya makasitomala a salaula, ya kwaya, olo ya gulu la cilimba. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe: na iwe uli m'mabokosi a anthu ena, ndipo sudziwa zimene analembapo. Conco cala cikafika pa dzina la munthu amene wakhala cete miyezi itatu, usathamangile kufafaniza. Mutumile ka meseji ka pa foni wamba, kaja kosafuna bandulo, umufunse ngati akali kufuna kumva za ife.