Mlendo Akachoka, Chimatsala N'chiyani?



Kuno ku Mwanza alendo sitiwadabwa. Msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Tete umadutsa pakati pathu, ndipo Zobue ali pafupi pomwepa. Mwa alendowa muli ena amene sabwera kudzagula manachesi, koma kudzatumikira mongodzipereka m'sukulu, m'zipatala ndi m'midzi. Bungwe la Peace Corps la ku America lidayamba kutumiza anthu ake m'dziko muno mu 1963, tisanalandire ufulu wodzilamulira, ndipo a ku Japan adayamba kubwera mu 1971. Ena mwa ife masamu ndi sayansi tidaphunzira kwa aphunzitsi otere, ndipo timawakumbukira ndi chiyamiko.

Funso lathu lero ndi ili: kodi munthu wofika m'mudzi wa eni ndi mtima wabwino angathandize bwanji osafooketsa eni mudziwo?

Makolo adatisiyira miyambi iwiri yokamba za mlendo. Umodzi umati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Yonse ndi yoona. Mlendo amaona zimene ife tidazizolowera, ndipo amabweretsa luso limene tilibe. Koma tsiku lake lochoka limafika. Mu Marichi 2020, Covid-19 itavuta, Peace Corps idabweza kwawo anthu ake onse pa dziko lonse lapansi. Ntchito imene idali m'manja mwa mlendo yekha sikadachitira mwina koma kuima. Yokhayo imene eni mudzi adali ataigwira kale ndiyo ikadapitirira.

Tiyeni tiganizire za mjigo. Mijigo yambiri ya m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev, umene udapangidwa dala kuti anthu a pamudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala. Tiyerekeze midzi iwiri. M'mudzi woyamba alendo afika, asankha okha malo, akumbitsa, ajambula zithunzi, apita. Mphira ya m'kati ikatha, amayi abwerera ku mtsinje, ndipo aliyense akungoti, "Mjigo wa azungu wafa." M'mudzi wachiwiri alendo ayamba akhala pansi ndi amfumu, amayi ndi achinyamata. Zokambiranazo zatenga masabata, mpaka ena kuyamba kunyinyirika kuti ntchito ikuchedwa. Koma komiti yasankhidwa, khomo lililonse lagwirizana zosonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo anthu atatu aphunzira kumasula ndi kubwezeretsa zipangizo. Mphira ikatha kumeneko, wina amakwera njinga kukagula ina. Chitsulo n'chimodzimodzi m'midzi yonseyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwina anthu adalandira chinthu, kwina adalandira luso ndi umwini.

N'kosavuta kuloza chala mlendo, koma nafenso tili ndi mbali yathu. Kangati tawomba m'manja pa msonkhano pomwe mumtima tikudziwa kuti malo asankhidwawo amauma mu Okutobala? Timati n'kulemekeza mlendo. Koma kubisira munthu choonadi chimene chikadapulumutsa ntchito yake si ulemu. Kangati tafunsa za alawansi tisanafunse cholinga cha maphunziro? Tikatero timamuphunzitsa mlendo kuti ife ndi anthu ongolandira, ndipo pamapeto pake nafenso timayamba kukhulupirira zomwezo.

Chonsecho mbiri ya boma lathu ikunena zina. Mu 2016 anthu zikwizikwi othawa nkhondo m'chigawo cha Tete adasonkhana m'mudzi wa Kapise kuno ku Mwanza, ambiri asanasamutsidwire ku Luwani m'boma la Neno. Mabungwe adagwira ntchito yaikulu, koma malo amene othawawo adafikirapo ndi madzi amene adayamba kutunga zidali za anthu a m'mudzimo, alimi wamba amene sadalembe kalata yofunsira ntchito yongodzipereka. Anthu amene adatha kugawana chochepa chawo chotero sangatchedwe opanda kanthu.

Choncho utumiki weniweni ndi kuyenda limodzi. Wobwerayo afike ngati wophunzira: aphunzire chilankhulo, apite pa maliro, afunse asanalangize, ndipo kuyambira tsiku loyamba azidzifunsa kuti ntchitoyi adzasiyira yani. Wolandirayo alankhule zoona mwachikondi, agwire nawo khasu, asadikire kuuzidwa.

Izi zikutikhudza mwachindunji, chifukwa mawa mlendo akhoza kukhala mmodzi wa ife. Wachinyamata wa m'gulu lathu lino akadzipereka kukatumikira ku Thambani, ku Angonia kapena ku Chipata, nayenso adzakhala mame. Yesero lake lidzakhala lomwelo: kuphunzitsa yekha kalasi la ana chifukwa amatha bwino, m'malo mopirira ndi mnzake wa komweko amene akuyamba kumene ndipo akulakwitsa. Kalasi la iye yekha lidzatha tsiku limene adzakwere minibasi yobwerera. La mnzakeyo lidzakumananso sabata yotsatira.

Mafunso okambirana:

1. M'dera lathu, ndi ntchito iti yoyambitsidwa ndi alendo imene idakalipo, ndipo ndi iti imene idafa? Chidasiyanitsa n'chiyani?

2. Tingamuuze bwanji mlendo kuti walakwitsa, osamuchititsa manyazi?

3. Pa ntchito imene aliyense wa ife akugwira panopa, ndani angaipitirize titachoka mawa?