Mphwanga, Yamba Waphunzira Kuimitsa Mota

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti wapeza malo pa fakitale ina ku Wadeville, kufupi ndi Germiston, ndipo akupatsa laputopu yoti uzilumikiza ku PLC. Ndakondwa kwambiri. Agogo ako anabwera kuno ku Joni pa Wenela kudzakumba golide. Iwe wabwera kudzalamula makina ndi zala. Koma khala pansi undimvere, pakuti imvi zangazi zamerera m'mapanelo a ku Isando ndi ku Alrode.

PLC ndi kabokosi kopanda nzeru zakezake. Kamachita zimene wakauza basi. Mu 1968 kampani ya General Motors ku America inatopa ndi makabati odzaza ma relay, omwe ankafuna kumasula mawaya nthawi iliyonse mtundu wa galimoto ukasintha. Gulu la Dick Morley linayankha ndi PLC yotchedwa Modicon 084. N'chifukwa chake ladder logic ukuphunzirayo imaoneka ngati chithunzi cha mawaya: anaikonzera amisiri a magetsi ngati ife. Tsono usathamangire pulogalamu usanaidziwe mota. Mota ya 400 V ukangoiyatsa mwachindunji, imakoka magetsi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo poyerekeza ndi a nthawi zonse. Star-delta imatsitsa kukokako kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene VSD, chipangizo cholamulira liwiro la mota, imaidzutsa pang'onopang'ono. Overload ikagwa, usangoibwezera; fufuza chimene chaigwetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene ndakuitanira makamaka ndi ichi. Kuyatsa mota aliyense amatha, ngakhale mwana wa sabata imodzi pa ntchito. Mmisiri timamudziwira pa kuimitsa. Batani la stop ulilumikize mwa normally closed, kuti waya ukaduka mota iime yokha. Batani lofiira la ngozi lidule magetsi a kontakitala kudzera mu safety relay, lisadalire pulogalamu wamba. Pulogalamu ikhoza kusokonekera, koma dzanja la munthu likalowa mu lamba silibwerera.

Ndinazionera ndekha pa fakitale ina nthawi ya load shedding. Mnyamata wochenjera ndithu analemba pulogalamu yosunga lamulo loyendetsa lamba ngakhale magetsi atazima. Magetsi atathima, mayi wina anayamba kuchotsa makatoni amene anatsakamira pa lambayo. Magetsi atabwera, lamba ananyamuka yekha, popanda wodina batani. Anakoka malaya a mayiyo mpaka kung'amba mkono wa malayawo. Mulungu yekha ndiye anamusunga. Mpaka lero ndikakumbukira kukuwa kwake, thupi limachita tsembwe. Magetsi akabwera, makina azidikira munthu kuti adine start. Ndipo usanalowetse dzanja paliponse, tseka isolator ndi loko wako, kiyi ali m'thumba mwako, kenaka yeza ndi mita kuti utsimikize kuti magetsi mulibe.

Za netiweki nazo n'chimodzimodzi. Masiku ano chingwe chimodzi cha Profinet kapena EtherNet/IP chimalankhulitsa PLC ndi ma VSD ambirimbiri, ndipo m'mafakitale akale udzapezabe Modbus, ya mu 1979, ikugwira ntchito bwinobwino. Kupatsa chipangizo chilichonse IP address yakeyake udzaphunzira tsiku limodzi. Funso lofunika n'lakuti: folokolifiti ikaponda chingwecho n'kuchidula, mota ichita chiyani? Ukapanda kuiuza VSD kuti iime ikasiya kumva PLC, ikhoza kumangothamanga ndi lamulo lomaliza limene inalandira. Zula chingwecho dala poyesa makina, uone ndi maso ako. Usanasinthe kanthu mu pulogalamu, sunga yakaleyo, ndipo mzere uliwonse uulembere ndemanga, kuti wa usiku asavutike iwe uli mtulo. Ukachita force pa output poyesa, uichotse usanaweruke.

Chinanso, usakhutire ndi kutamandidwa ndi a foromani. Lembetsa maphunziro ku Ekurhuleni West TVET College kapena ku Ekurhuleni East, ndipo ukakhwima ukalembe trade test; malo olembera mayesowa a INDLELA ali pompano pa Olifantsfontein. Ife ambiri tinagwira ntchito ya amisiri pa malipiro a othandizira chifukwa chosowa pepala limenelo, ndipo zimandiwawa mpaka pano.

Lamlungu ubwere kunyumba ku Tembisa ndi chithunzi cha mawaya a panelo yako. Azakhali ako aphika nsima, ndipo tikatha kudya titsatire limodzi waya wa batani lofiira kuchokera poyambira mpaka pa kontakitala.