Liwiro la Wotsalira

Ku migodi ya mkuwa, ku Ndola ndi ku Kitwe, anyamata amasonkhana tsiku Loweruka ndi njinga zao, napalasa m'tinjira ta m'mbali mwa Kafubu, ena natsikira ku Kafue. Ponyamuka onse ali pamodzi. Koma pa citunda coyamba gulu liduka: a njinga zatsopano athamanga osaceuka, ndipo iye amene tayala lace laphulika atsala yekha m'thengo, wopanda pampu, dzuwa lilikupendeka.

Yakobo anaidziwa nkhani iyi. Pa Genesis 33 Esau, wokhala ndi amuna 400, anafuna kuti ayendere pamodzi. Koma Yakobo anakana liwiro la mbale waceyo, pakuti anayang'ana ana ace aang'ono ndi zoweta zoyamwitsa, nayesa ulendo wonse ndi mapazi a izo. Sikunali ulesi kumeneku ai.

Mpingo wa kumudzi ulinso ndi otsalira ace. Ilipo nkhalamba yosadziwa kuwerenga, imene nyimbo zatsopano zaisiya m'mbuyo. Alipo wa m'kalasi amene walephera kawiri mafunso a ubatizo, nacita manyazi kubweranso. Makamaka alipo mkazi amene mwamuna wace anapita ku Nkana osatumiza kalata, ndipo malo ace m'kacisi akhala opanda munthu masabata asanu. Akulu a mpingo aona, nati adzamfunsa akatha kukolola. Komatu nyumba yace ili tsidya lija la mtsinje pokha, ndipo mlatho wace sunakokoloke.